Masiku a m'matope a ku Quelimane

Lolemba, Blantyre

Sukulu tatsekera, ndipo mawa kukacha ndikukwera ya ku Muloza. Amene akunditenga ndi mwana wa achemwali anga, mtsikana amene anakulira m'nyumba mwathu ku Chilobwe. Bambo ake kwawo ndi ku Milange, moti Chipwitikizi sachita kuchifunafuna. Pano ali pa sukulu ya sayansi ya m'nyanja ndi m'magombe ya yunivesite ya Eduardo Mondlane, imene ili mumzinda wa Quelimane. Anabwera ku chinkhoswe cha msuweni wake, ndiye pokonzeka kubwerera wandiuza kuti: "Ankolo, chaka ndi chaka mumaphunzitsa ana za mafunde ndi magombe kuchokera m'buku. Tiyeni mukalowe m'matope enieniwo." Ndikanakana bwanji?

Anzanga a kuntchito atamva za ulendowu anaseka. Wina anachita kundifunsa kuti za nyanja yamchere zikutikhudza pati ife a kumtunda, dziko lopanda ndi doko lomwe. Ndinangomukumbutsa kuti mafuta amene amagonera pa mzere aja amatsikira pa madoko a Beira, Nacala ndi Dar es Salaam. Yankho lina ndalipeza masana ano, titapita m'tauni kukasintha ndalama.

Tinaima pa mlatho wa Mudi pafupi ndi msika wa Blantyre. Nyengo ino madzi ndi ochepa, akuda bii, ndipo fungo lake silikulola kuima nthawi yaitali. M'mbali monse muli majumbo, mabotolo a zakumwa, matewera ndi zidutswa za matumba. Boma linaletsa mapulasitiki opyapyala osakwana ma micron 60 kukhuthala kwake mu 2015, khoti lalikulu la apilo n'kugwirizana nalo mu 2019, koma mpaka lero tomato wa pamsika tikumulandirira m'kajumbo komweko. Mwanayu analoza madziwo n'kuyamba kundiyendetsa ndi pakamwa: madzi a Mudi amathera mu Shire, a mu Shire amatsika kudutsa Chikwawa, dambo la Elephant Marsh ndi Nsanje n'kukalowa mu Zambezi m'dziko la Mozambique, Zambezi n'kukathira m'nyanja ya India. "Si zonse zimafika ayi, ankolo. Zambiri zimakodwa m'bango, dzuwa n'kuziphwanya tizidutswa ting'onoting'ono. Tizidutswato ndi timene timavuta, chifukwa palibe angatitole."

Njira imeneyi si yachilendo kwa mzinda uno. Njanji isanafike, katundu wa kampani ya Mandala, imene nyumba yake ya mu 1882 idakalipo chakumtunda uko, ankadzera momwemo mokwera. Poyamba ankatsikira pa Quelimane pomwepo. Mu 1891 Angerezi anabwereka malo kwa Apwitikizi pa Chinde, pa amodzi mwa mathiriro a Zambezi, kuti pakhale doko la dziko lino. Sitima zikuluzikulu zinkatula katundu pamenepo, zing'onozing'ono n'kukwera naye mu Zambezi ndi mu Shire mpaka ku Chiromo kapena kwa Katunga, kenako amtengatenga n'kusenza kukwera mtunda mpaka ku Blantyre. Malo a pa Chinde aja nyanja inkawadya pang'onopang'ono. Namondwe wa mu 1922 anadzamaliza, ndipo pofika 1923 Angerezi anali atawasiya, katundu n'kumadzera njanji ya ku Beira. Doko limene linali lathulathu linapita ndi kukokoloka kwa gombe, nkhani yomwe mwanayu akuifufuza lero.

Lachiwiri, pa msewu

Tsiku lonse lathera m'galimoto. Minibasi ya ku Limbe, ina ya ku Muloza kudzera ku Thyolo, tiyi mbali zonse, phiri la Mulanje lili mbuu ndi utsi wa moto wa m'tchire. Pa boda sipanavute. Ku Milange Chichewa chikumveka paliponse, ndipo chimayamba kuzilala mukamayandikira ku Mocuba.

Titangochoka pa Milange mwanayu anandilozera chakumanja, kumene kuli phiri la Chiperone. Kamvula kozizira ka mu Juni ndi Julayi kamene kamatitsekera m'nyumba ku Blantyre kanatengera dzina paphiri limenelo, chifukwa mitambo yake imatulukira mbali imeneyo. Ndi chinyezi cha m'nyanja yamchere, chobwera ndi mphepo ya kummwera chakum'mawa, chimene chimakwera mapiri athu n'kusanduka nkhungu.

Mukadutsa pa Mocuba dziko limayamba kutsika, kenako lingoti see. Pa Nicoadala tinagula nanazi pawindo. Kuchokera apo ndi madambo a mpunga ndi mitengo ya kokonati, yambiri yopanda mitu, thunthu lokha lili njo. Ndi matenda ofiiritsa masamba amene anapha mitengo yochuluka m'chigawo cha Zambézia. Tafika kutada, n'kukwera kabaza. Kabaza wa kuno ndi wochuluka kuposa wa pa Lunzu kapena pa Bangwe, ndipo ndi wa njinga zakapalasa, poti mzinda wonse mulibe chitunda. Tadya nkhuku yowotcha yonyikidwa m'madzi a kokonati, ndipo ndikugona thukuta lili kamukamu.

Lachitatu, Quelimane

Ntchito ya kuno siyendera wotchi ya mu ofesi, imayendera mwezi. Pa khoma la chipinda cha mwanayu pali pepala la manambala osonyeza ola limene madzi adzaze ndi limene aphwere tsiku lililonse. Amadzaza kawiri n'kuphwera kawiri, ndipo mawa lake zonsezi zimachedwerako ndi mphindi pafupifupi 50. Mwezi ukakhala wathunthu kapena ukakhala kumdima, kukoka kwake kumagwirizana ndi kwa dzuwa, madzi amakwera kwambiri n'kuphweranso kwambiri. Gombe la chigawo chino ndi lodziwika pa zimenezi: ku Beira kusiyana kwake kumatha kupitirira mamita 6. Ife ozolowera ku Mangochi, kumene nyanja imakwera ndi kutsika potsata mvula ya chaka, zimatitengera nthawi kuvomereza kuti pamene waima m'mamawa pouma, masana padzadutsa bwato.

Tinanyamuka kusanache, anthu ochepa: mwanayu, anyamata awiri a kalasi yake, ine, ndi mayi wina wa m'dera la m'mphepete mwa mzinda amene amagwira nkhanu. Mayiyu ndiye amatsogolera, ndipo amalipidwa pa tsiku. Popanda iye anawa sangadziwe kamtsinje kamene kamadzaza msanga n'kukutsekereza njira yobwerera.

Magambutsi kuno savala. Matope amawayamwa n'kuwasunga. Aliyense anavala nsapato zakale zansalu, zomangidwa zolimba ndi chingwe m'kakolo. Phazi loyamba linalowa mpaka m'bondo, ndipo politulutsa panatuluka fungo la mazira owola. Mwanayu anati fungolo si la uve ayi: pansi pa matopewa mulibe mpweya wabwino, ndiye tizilombo timene timawoletsa masamba mmenemo timatulutsa mpweya wa sulfure. Kusowa kwa mpweya komweko ndi kumene kunaumba mitengo ya mangrove, yomera m'matope a madzi amchere, mmene ilili. Mtundu umene uli wambiri pamene tinalowera, Avicennia marina, umatumiza mizu yake m'mbali pansi pa matope, ndipo pa mizuyo pamatuluka timizu tina toloza kumwamba, tambirimbiri, ngati mapensulo ozikidwa pansi. Mtengo umapumira mmenemo madzi akaphwera. Kupondapo kumapweteka, koma ndi pokhapo polimba.

Anandithyolera tsamba n'kundiuza kuti ndinyambite kunsi kwake. Mchere weniweni, wooneka ndi maso. Mtengowu umamwa madzi amchere n'kutaya mcherewo kudzera m'masamba. Chakutsogolo, m'mbali mwa kamtsinje, muli mtundu wina, Rhizophora mucronata, umene mizu yake imatuluka m'thunthu n'kupindika kukalowa pansi. Uwu mchere wambiri umautsekereza ku mizu komweko. Mbewu yake imamera idakali pa mtengo, n'kukhala kandodo kobiriwira kotalika kuposa chikhato, kosongoka kunsi. Ikathothoka imatha kuzikika pomwepo, kapena kuyandama masiku ambiri mpaka itapeza pokhazikika.

Ukaima phee kwa mphindi imodzi matope onse amadzuka. Tinkhanu tambirimbiri timatuluka m'mauna, tatimuna tili ndi dzanja limodzi lalikulu kuposa linzake, tikuligwedeza m'mwamba. Palinso tinsomba ta maso a pamutu timene timayenda pa matope ndi zipsepse, tikadzidzimuka n'kudumphira m'chithaphwi. Mayi uja sanali kuyang'ana zimenezi. Maso ake anali pa mauna akuluakulu a m'munsi mwa mizu. Pa una wina analowetsa chitsulo chokhota, n'kukodola pang'onopang'ono, mpaka inatuluka nkhanu yaikulu yobiriwirako, manja ili yasa. Anaiponda pamsana, n'kuimanga manja ndi luzi mwa kanthawi kochepa zedi. Ina anaitembenuza, n'kuona kuti yanyamula mazira kumimba, n'kuibweza. Sanauzidwe ndi wina aliyense wa ife.

Chipangizo chimene chandisangalatsa ndi refractometer, kachubu kokwana m'thumba la shati. Umadontheza madzi pa kagalasi, n'kutseka, n'kusuzumira moloza kowala. Mkatimo mumaoneka malire a mtundu wa buluu ndi woyera, ndipo pamene malirewo agwera ndiye kuchuluka kwa mchere. Madzi a pakati pa nyanja amakhala ndi mchere pafupifupi magalamu 35 pa lita imodzi. A m'kamtsinje kathu anali otsikirapo, chifukwa asakanikirana ndi ochokera kumtunda. Koma titakumba kadzenje pa malo ena oyera mbee, kumbuyo kwa nkhalango kumene madzi amafikako mwa apo ndi apo, nambala inapitirira ya m'nyanja. Dzuwa limaumitsa madzi n'kusiya mchere. Pamenepo sipamera kanthu.

Madzi anayamba kubwerera mwakachetechete, opanda funde, kungodzaza mapazi athu aja. Mayi uja anangonena mawu amodzi m'Chichuwabo, anyamata n'kuyamba kulongedza.

Madzulo ndinakhala m'mbali mwa mtsinje wa Bons Sinais, pafupi ndi tchalitchi chakale cha Akatolika. Vasco da Gama anaima pa mtsinje uno mu 1498, ndipo David Livingstone anathera pano ulendo wake wodutsa Africa mu 1856, zaka 20 mishoni ya Blantyre isanakhazikitsidwe. Miyendo ikundiwawa.

Lachinayi

Lero ndaona chimene amachitcha kafukufuku, ndipo ndinene mosabisa, n'chotopetsa. Palibe chochititsa kaso. Amayeza bwalo la mamita 10 mbali zonse, n'kuzika zikhomo m'makona. Mtengo uliwonse wa m'bwalomo uli ndi kachitsulo ka nambala. Mmodzi amakulunga tepi pa thunthu n'kutchula kunenepa kwake, wina amayeza kutalika ndi ndodo, wachitatu amalemba ndi pensulo, poti inki imasungunuka. Akatha amawerenga zitsa, n'kusiyanitsa chodulidwa kumene ndi chakale. Kenako amagwada n'kuwerenga mbande zomera zokha m'timabwalo ting'onoting'ono. Ndiye kupita pa bwalo lina, n'kuyambiranso. Ine anandipatsa ntchito yolemba, ndipo mwana amene ndinkamuthandiza homuweki ndi amene lero amandidzudzula kuti 7 wanga akufanana ndi 1.

Pa bwalo lililonse amakhomeranso chitsulo chobowoka m'matope mpaka mita imodzi, n'kuchipotoza, n'kuchizula chitanyamula dothi. Dothilo amalidula zigawozigawo n'kuliika m'timatumba tolembedwa. Ku labotale amaliumitsa, n'kuliyeza kulemera, n'kuliwotcha mu uvuni wotentha kwambiri, n'kuliyezanso. Chimene chapsa ndi zotsalira za masamba ndi mizu, ndipo pamenepo amawerengera kaboni amene dothilo lasunga, amene akanapita m'mlengalenga ngati mpweya wotenthetsa dziko. Popeza m'matope opanda mpweya zinthu zimawola mochedwa, nkhalango ya mangrove imasunga kaboni wochuluka kangapo kuposa nkhalango ya kumtunda ya kukula komweko, ndipo wambiri ali pansi, osati m'mitengo. Mozambique ili ndi mahekitala pafupifupi 300,000 a nkhalango zotere, m'gulu la mayiko otsogola mu Africa muno, ndipo zambiri zili m'chigawo chino chapakati, makamaka pa mathiriro a Zambezi.

Manambala a lero paokha sanena kanthu. Amayamba kulankhula wina akadzabwera pa bwalo lomweli chaka chamawa ndi chinacho, n'kuyeza mtengo womwewo pa malo omwewo. Zithunzi za masetilaiti a Landsat, zimene zakhala zikujambulidwa kuyambira 1972, zimasonyeza pamene nkhalango yachepa kapena yawonjezeka. Koma kuchokera kumwamba sungaone kuti mitengo yowongoka yonse yadulidwa, kwatsala yopindika yokha. Zimenezo zimafuna munthu wolowa m'matope.

Pobwerera tinadutsa pa malo amene bungwe lina linadzalapo mbande zaka zapitazo. Chikwangwani chidakalipo. Mbande palibe, kupatula timitengo touma apa ndi apo, m'mizere yowongoka bwino. Mwanayu anafotokoza kuti anadzala Rhizophora chifukwa ndi yosavuta, umangozika kandodo kaja, koma anaidzala pa matope otsika kwambiri pamene madzi amakhalitsa, mbande n'kumira. Mtundu uliwonse uli ndi msinkhu wake wa nthaka, ndipo kusiyana kwa chikhato chimodzi kumatha kupha kapena kupulumutsa. Patsogolo pang'ono anationetsa malo ena pamene anthu a m'deralo anangogumula kakhoma ka dothi ka munda wakale wa mchere, madzi n'kuyambanso kulowa ndi kutuluka. Mbewu zinabwera zokha ndi madziwo. Pamenepo pali mitengo yofika m'chiuno, yothinana, yopanda mizere ndiponso yopanda chikwangwani.

Ndinakumbukira phiri la Ndirande. Nyengo yodzala mitengo ikafika timakwera ndi ana asukulu, nyimbo, makamera, mlendo wolemekezeka n'kuthirira mbande yake. Chiwerengero cha zodzalidwa chimalengezedwa pa wailesi tsiku lomwelo. Chiwerengero cha zimene zapulumuka pofika Okutobala, moto ndi mbuzi zitadutsa, sindinachimvepo chikulengezedwa ndi ng'oma. Kwa ine ntchito ya anawa, yobwerera kukawerenga zamoyo, ndi imene ikusoweka kwathu, ndipo ndi imene palibe amafuna kuilipirira chifukwa ilibe tsiku la mwambo.

Za odula mitengo ndinafunsa mayi uja kudzera mwa mwanayu. Anayankha mosazungulira kuti nyumba yake yomwe inamangidwa ndi mitengo ya mangrove, chifukwa chiswe sichiigwira msanga ndipo ina yogula sangaikwanitse. Amene amamukwiyitsa ndi odula motsatsa kuti awotche makala ogulitsa m'tauni, poti akatero mauna a nkhanu amauma. Sindinawonjezere kanthu. Matumba amene amalowa mu Blantyre pa njinga usiku kudzera msewu wa Zalewa timawagula ndife, magetsi akazima.

Lachisanu, Zalala

Gombe la Zalala lili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 30 kuchokera mumzinda. Ndi lalitali, lathyathyathya, ndipo madzi akaphwera umayenda mpaka kutopa usanawapeze. Madziwo si a buluu wa pa kalendala. Ndi ofiirira, odzaza dothi la mitsinje.

Tinapeza asodzi akukoka khoka, magulu awiri, aliyense chingwe m'chiuno, akubwerera chambuyo pang'onopang'ono. Amayi anali atakhala kale ndi mabeseni. Ukonde utafika, kuthumba kwake kunali kosokedwa ndi neti ya udzudzu, zimene ndinaziwonapo ku Malombe. Munali tinsomba tosakwana chala, tinkhanu, ma prawns (tizamoyo ta m'madzi ta gulu la nkhanu) ochepa akuluakulu ndi ang'onoang'ono ochuluka, ndiponso majumbo. Anyamata aja anapempha beseni limodzi, n'kuyamba kusankhula mtundu ndi mtundu, kuyeza iliyonse pa thabwa lokhala ndi rula, n'kubweza zonse kwa mwini wake. Asodzi anawazolowera, amangowaseka kuti ndi anthu oyeza nsomba osadya.

Apa ndi pamene za dzana ndi dzulo zinalumikizana. Ma prawns amaikira mazira kunyanja, koma ana ake amalowa ndi madzi m'timitsinje ta mangrove, n'kukulira mmenemo mobisala m'mizu. Akakula amabwerera kunyanja, ku malo osaya otchedwa Sofala Bank, kumene kuli usodzi waukulu wa ma prawns wa dziko lino. Chimene chimawathandiza kutuluka ndi madzi a mitsinje ikasefukira. Damu la Kariba linatha kumangidwa mu 1959, la Cahora Bassa mu 1974, ndipo kuyambira pamenepo Zambezi sasefukiranso mwa nthawi yake: madzi amasungidwa dzinja n'kumatulutsidwa chaka chonse kuti apange magetsi. Ofufuza atayerekeza madzi otsika mu Zambezi ndi ma prawns ogwidwa pa Sofala Bank anapeza kuti ziwirizi zimayendera limodzi. Msodzi wa pa Zalala amakolola zimene zagamulidwa ku Tete, makilomita mazanamazana kumtunda.

Shire amalowa mu Zambezi kumunsi kwa Cahora Bassa. Dothi limene limakokoloka m'minda ya ku Neno ndi Blantyre, likapulumuka pa Nkula, Tedzani ndi Kapichira kumene limavutitsa makina a magetsi, silikumananso ndi damu lalikulu mpaka kunyanja. Ndinafunsa ngati dothi limenelo ndi labwino kapena loipa kwa gombe. Mwanayu anaseka kuti funso la mayeso limenelo: mangrove amafuna dothi latsopano kuti nthaka yake izikwera limodzi ndi nyanja, koma likabwera lambiri nthawi imodzi limakwirira timizu topumira tija, mtengo n'kufa uli chiimire.

Nyanja ikukweradi. Lipoti la mu 2021 la IPCC, bungwe la akatswiri ofufuza za kusintha kwa nyengo, linati inakwera ndi masentimita pafupifupi 20 pakati pa 1901 ndi 2018, ndipo pakati pa 2006 ndi 2018 inkakwera ndi mamilimita 3.7 pa chaka. Pa pepala n'zochepa. Pa dziko lathyathyathya chonchi, pamene mpunga ukulimidwa pafupifupi pa msinkhu wa nyanja, n'zokwanira kulowetsa mchere m'munda ndi m'chitsime.

Kuti adziwe ngati gombe likudyeka, anawa sagwiritsa ntchito makina odula. Ali ndi ndodo ziwiri zolembedwa masentimita, zolumikizidwa ndi chingwe. Amayambira pa chikhomo cha simenti chimene chili m'mitengo ya casuarina. Wa kumbuyo amayang'ana nsonga ya ndodo ya kutsogolo moyerekeza ndi mzere umene nyanja imakumana ndi thambo, n'kuwerenga kuti nthaka yatsika ndi masentimita angati. Kenako amasuntha, n'kubwereza, mpaka kumadzi. Akajambula manambalawo pa pepala pamatuluka chithunzi cha kutsetsereka kwa gombe. Mwezi wamawa adzajambula china pamwamba pake.

Loweruka

Lero sitinalowe m'matope. Ndachapa zovala, zimene sindikukhulupirira kuti zidzayeranso, n'kucheza ndi mayi mwini nyumba imene mwanayu amachita lendi. Atamva kuti kwathu ndi ku Chilobwe anagwira pakamwa. Dzina limenelo analimva pa wailesi.

Namondwe wa Freddy analowera pafupi ndi mzinda uno usiku wa pa 11 Malichi 2023. Anali atayambira kufupi ndi Australia kumayambiriro kwa Febuluwale, n'kuwoloka nyanja yonse ya India, kumenya Madagascar, kulowa mu Mozambique chakummwera pafupi ndi Vilankulo, kubwereranso m'nyanja, n'kudzatulukira kuno. Bungwe loona zanyengo padziko lonse la WMO linadzatsimikiza kuti anakhala masiku 36, kuposa namondwe wina aliyense wolembedwa. Mayiyu anandionetsa pamene malata anachoka ndi pamene madzi anafika pa khoma. Ine ndinamufotokozera za mvula imene inagwa osalekeza, ndi za m'mamawa wa pa 13 pamene napolo anatsika m'phiri la Soche ndi miyala yaikulu kuposa nyumba. Iwo analandira mphepo ndi madzi a m'nyanja. Ife, pa mtunda wa mamita oposa 1,000, tinalandira chinyezi chonse chimene namondweyo anatunga, chitakwera mapiri n'kukhuthuka. M'Malawi anthu oposa 1,000 anamwalira kapena kusowa, kuposa kuno kumene analowera.

Ndinafunsa mwanayu ngati mangrove akanathandiza. Anati kuno inde, pang'ono: nkhalango yowirira imaphwanya mafunde ndi kugwira dothi, moti nyumba za kumbuyo kwake zimapepukidwa. Koma mphepo siiletsa, ndipo mvula ya ku Soche sikanaichepetsa ndi dontho lomwe. Ndinakondwa kuti sananamize ankolo ake pofuna kukometsa ntchito yake.

Chimene chimatikhudza ife mwachindunji ndi kutentha kwa madzi. Namondwe amafuna nyanja yofunda madigiri pafupifupi 26.5 kapena kuposa kuti akhale ndi mphamvu, ndipo Freddy atabwerera m'nyanja ya pakati pa Mozambique ndi Madagascar anakapezanso mphamvu mmenemo. Nyanja ndi zimene zikusunga pafupifupi 90 peresenti ya kutentha kowonjezereka kwa dziko, ndipo mpweya ukafunda ndi digiri imodzi umatha kunyamula chinyezi chowonjezera pafupifupi 7 peresenti. Pa laputopu anandionetsa mapu a timadontho tambirimbiri. Ndi zipangizo za Argo, pafupifupi 4,000 m'nyanja zonse, zimene zimamira mpaka mamita 2,000, n'kumakwera zikuyeza kutentha ndi mchere, n'kutumiza manambala ku setilaiti masiku 10 aliwonse. Manambala amenewo pamodzi ndi a masetilaiti amalowa m'makompyuta olosera nyengo. Likulu lotsata anamondwe a mbali ino lili pa chilumba cha La Réunion, ndipo uthenga wa nthambi yathu ya zanyengo umene timaulandira pa foni umadalira ntchito yonseyi.

Lamulungu

Ulendo wobwerera, njira yomwe ija. Mwanayu watsala. Wandipatsira kathumba ka ma prawns ouma ndi kokonati ziwiri za amayi ake. Pa Muloza kunali kamphepo kozizira, ndinachita kutulutsa juzi.

Lolemba, Chilobwe

Ma prawns aja abweretsa mkangano. Mayi a kunyumba akuti ndi tizilombo, sangatiike mu poto wawo. Ana atikazinga okha ndi tomato, ndipo mbale yabwerera yoyera.

Madzulo achimwene oyandikana nawo nyumba anabwera kudzamva za ulendo. Za nkhanu ndi za mitengo yopumira m'mizu sanazisamale. Funso lawo linali limodzi: kodi chaka chino kubweranso china? Ndinawauza kuti nyengo ya anamondwe imayamba mu Novembala mpaka Epulo, kuti palibe angalosere mu Ogasiti njira ya namondwe wa mu Malichi, koma akangobadwa amaoneka masiku angapo asanafike, ndipo chenjezo la Freddy linaperekedwa. Iwo anati chenjezo analimva, koma palibe anawauza kuti phiri lingatsike, onse ankayembekezera madzi ku Nsanje. Pamenepo ali ndi mfundo. Nyanja ikuyezedwa usana ndi usiku, koma zigwembe za m'phiri lathu, zimene zikukula mvula iliyonse nyumba zikukwerabe m'mbali mwake, sindinaonepo munthu akuziyeza.

Kuseri kwa sukulu yathu kuli chigwembe chotere, chimene chinayamba ndi kanjira ka madzi. Sukulu ikatsegulidwa ndikapempha ahedi kuti ana a Fomu 3 azichiyeza kamodzi pa mwezi, m'lifupi ndi kuya kwake, pa malo omweomwewo, ndipo kope lake lizikhala mu ofesi kuti a chaka chamawa adzapitirize. Ndodo ziwiri ndadula kale. Simenti ya zikhomo ndikapempha kwa a komiti, tepi ndikabwereka kwa aphunzitsi a masamu.